Ndolo za nkhumba za amayi

Amayi anadziwa kuti m'khola mwalowa zoipa asanafike n'kukholako komwe. Anadziwira phokoso. Masiku onse akangogogoda ndowa ya madeya kukhitchini, nkhumba zimalira mpaka mudzi wonse kumva, zina kukwera mitengo ya khola ndi miyendo yakutsogolo. M'mawa umenewo zinalira ndithu, koma panasowa mawu amodzi. Nkhumba yawo yaikulu yaikazi, imene ankaitcha Mawanga, ndiyo inkayambitsa kulirako tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku limenelo inali chete. Atasuzumira anaipeza itagona pakona, mphuno itazika m'dothi, makutu atafiira m'mphepete ngati apsa ndi madzi otentha.

Anandiimbira foni ndili pantchito ku Salima boma.

"Mwanangu, bwera. Mawanga sakudzuka."

"Kodi si dzuwa limeneli, amayi? Taithirani madzi."

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalapo kwa Khombedza nthawi imeneyi akudziwa mmene nthaka imawotchera mapazi. Nkhumba situluka thukuta ngati ife, n'chifukwa chake imakonda matope, ndiye ine ndinkaganiza kuti yangolefuka ndi kutentha.

"Dzuwa ndimalidziwa ine," anatero. "Ichi si dzuwa."

Tinali ndi nkhumba 11. Pomwe sabata yachiwiri imatha, m'khola munalibe kanthu. Munangotsala fungo ndi ntchentche, ndi mwala umene amayi ankakhalapo poziyang'ana zikamadya.

Chinali chigodola. Alangizi a ziweto atabwera panjinga yawo sanachedwe n'kutchula dzina lake. Matendawa alibe mankhwala ochiza, ndipo katemera woti mlimi wa kuno akagule m'sitolo kulibe. Nkhumba imatentha thupi kupitirira madigiri 40, imasiya kudya, khungu la m'makutu ndi kumimba limafiira kenako kuderako, ndipo akakhala amphamvu amatha kupululutsa khola lonse. Analembedwa koyamba ku Kenya mu 1921. Kutchire, njiri ndi nguluwe zimakhala ndi kachilomboka osadwala, ndipo nkhufi zimene zimabisala m'mauna a njiri zimakasunga kwa zaka. Ku Mchinji, m'zaka za m'ma 1980, ofufuza anakapeza m'nkhufi za m'makola a nkhumba zapakhomo momwe. Koma chimene chimachipatsa miyendo chigodola n'chakuti munthu sichimugwira. Amadya nyama yake pachiwaya osamva kanthu, choncho nyamayo imayenda, magazi amatsalira pa chikwanje, pa thumba, pa mateyala a njinga, pansi pa nsapato. Mu 2007 chinafika ku Georgia, mu 2018 chinalowa ku China, dziko limene panthawiyo linkaweta pafupifupi theka la nkhumba zonse za padziko lapansi. Sichinawoloke nyanja chokha. Chinanyamulidwa.

Kwathu chinanyamulidwa ndi ine. Masiku khumi Mawanga isanagone, ndinali nditagula kankhumba kakakazi koyera kwa bambo wina amene anadutsa pa njinga yamoto, atakamanga m'dengu kumbuyo. Mtengo unali wotsika, kankhumbako kankaoneka kosalala, ndipo ndinkafuna kusintha mtundu poti zathu zinali zakuda zachikuda. Nditafunsa kumene kachokera anangoti "kumtunda". Anandipatsa nambala ya foni imene sinagwirepo n'kamodzi komwe. Alangizi atafunsa kuti nkhumba yachilendoyo inachokera khola la yani, mudzi wanji, inadutsa msika uti, ndinangokhala kukamwa yasa. Akanadziwa, bwenzi atathamangira kumeneko, atachenjeza midzi ya m'njira. Koma kankhumbako kanalibe dzina, kanalibe kwawo.

Khola tinaligwetsa, mitengo n'kuiotcha, pansi n'kuthira laimu. Panapita miyezi yambiri tisanayerekeze kuyambiranso. Titayambiranso ndi misoti iwiri, mlamu wanga amene amagwira ntchito pa famu ina ku South Africa anabwera pa Khirisimasi atanyamula kaphukusi. Munali timabatani 20 tachikasu, chopanira chonga pulayala, ndi kamakina kakale kowerengera, kotalika ngati chitsononkho. Kumeneko amatitcha RFID. Ana a pamudzi atangotiona pa makutu a nkhumba anati ndi ndolo, ndipo dzina limenelo ndilo linakhala.

Ine sindikhulupirira chinthu ndisanachione m'mimba. Ndinatenga ndolo imodzi n'kuisenga ndi mpeni nditakhala pakhonde. Pulasitiki yake ndi yolimba, inanditengera nthawi. Mkati munali waya wamkuwa woonda ngati tsitsi, wozengedwa mozungulira kambirimbiri ngati nkhata, ndipo pamene nsonga zake zinakumana panali kadontho kakuda kosaposa njere ya chitowe. Basi. Batire mulibe, choyaka mulibe, cholira mulibe. Ndolo imangokhala ngati yakufa mpaka utaiyandikizira makina owerengera. Makinawo amatulutsa mphamvu ya wailesi, ya 134.2 kHz, nkhata ya waya ija imatapa mphamvuyo, kadontho kaja n'kudzuka kamphindi n'kutchula nambala yake. Ukachotsa makinawo kamagonanso. N'chifukwa chake ndolo imatha kukhala pa khutu moyo wonse wa nkhumba osafuna kutchaja.

Nambalayo ili ndi manambala 15, ndipo inakonzedwa kuti pasapezeke ziweto ziwiri zofanana nambala padziko lonse. Malamulo ake ndi a ISO, bungwe loika miyezo ya zinthu padziko lonse. Manambala atatu oyambirira amanena dziko kapena kampani imene inapanga ndoloyo. Dziko la Malawi nambala yake ndi 454. Zathuzi zimayamba ndi 9, kusonyeza kuti ndi nambala ya kampani chabe. Tsiku limene ndidzaone 454 pa khutu la nkhumba ya kwa Khombedza ndidzadziwa kuti kwinakwake kuli kaundula amene akuiyembekeza.

Kuvalika kwake kumafuna anthu awiri. Wina agwire nkhumba, wina apukute khutu ndi sipiriti, aunike mitsempha ya magazi kuti aipewe, aike chopanira pakati pa khutu, osati kunsonga poti imathothoka, n'kupana kamodzi mwamphamvu osazengereza. Nkhumba imakuwa ngati ikuphedwa, koma ukangoisiya imapukusa mutu kawiri katatu n'kubwerera kukadya. Amayi anaima patali atagwira m'chiuno mpaka titamaliza.

"Nkhumba zanga ndimazidziwa nkhope," anatero. "Nambala ndi ya munthu wosadziwa ziweto zake."

"Zoonadi amayi, nambalayi si yanu. Ndi ya munthu amene adzakumane ndi nkhumbayi inu kulibe."

Sanayankhe, koma ndinaona kuti akumbukira kankhumba koyera kaja.

Pamudzi nkhani inafala yoti nkhumba zathu tsopano zimaoneka pa foni, kuti ngakhale wakuba apite nazo ku Dowa ine ndidzaziona. Ndinalakalaka nditaisiya mbiriyo kuti iziopseza akuba, koma si zoona, ndipo anzanga oweta anayamba kundifunsa mtengo ndi maganizo amenewo. Ndolo ngati zathuzi zimawerengeka makina akayandikira kwambiri, kutalika kwa dzanja kapena kuchepera apo. Sizidziwa kumene zili. Zimene anthu ankaganizazo ndi za njovu. Mu 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks linasamutsa njovu zoposa 500 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita kunkhalango ya Nkhotakota, ndipo zina anazimanga malamba m'khosi okhala ndi GPS. Lamba wotero ali ndi batire lalikulu ndipo amalankhula ndi setilaiti, njovu ikayandikira mpanda oyang'anira amaona pa kompyuta. Khosi la njovu lingasenze katundu ameneyo, ndipo mtengo wa njovu ungamulipire. Nkhumba ya miyezi isanu ndi itatu singathe zonse ziwiri. Chofanana nacho bwino ndi chiphaso cha unzika chimene tinafolera mu 2017. Nachonso chili ndi kachipangizo mkati, nachonso sichiuza munthu kumene uli, chimangotsimikiza kuti iwe ndiwe iweyo kwa munthu amene sakudziwa.

Mlamu wanga ndiye anandifotokozera kumene ndolo zomwezi zafika m'mafamu akuluakulu, ndipo zina ndinadzazionera ndekha pa YouTube mpaka bandulo kutha. Ku Ulaya, kuyambira 2013, lamulo limati nkhumba za bere zizikhala pagulu nthawi yaikulu ya bere lawo, osati iliyonse m'kachitsulo kake kosatembenukika. Koma nkhumba zikakhala pagulu yamphamvu imadya za inzake, zimenezi aliyense woweta akuzidziwa. Ndiye anapanga kachipinda kodyera kolowa imodzi imodzi. Nkhumba ikalowa chitseko chimatsekeka kumbuyo, makina amawerenga ndolo, n'kugwetsa chakudya cha nkhumba imeneyo basi, mwina makilogalamu awiri ndi theka patsiku. Ikabweranso italandira kale, sichigwa kanthu. Madzulo kompyuta imatulutsa manambala a zimene sizinabwere kudzadya, woweta n'kupita kukaziona. Kampani ya Nedap ya ku Netherlands ndi imodzi mwa zimene zinapangapo zimenezi. Pali chinanso chimene chinandigometsa chifukwa cha kuphweka kwake. Amaika nkhumba yaimuna kuseri kwa khoma lokhala ndi kazenera, pakazenerapo n'kuikapo makina owerengera. Yaikazi ikayamba kufuna yaimuna imabwera pakazenera kawirikawiri n'kumachedwapo. Makina amangowerenga maulendo, n'kudziwitsa mwini wake kuti nambala yakuti yafika nthawi.

Ena apitirira pamenepa. Amaika m'ndolo kachipangizo kofanana ndi kamene kamatembenuza chithunzi pa foni ukaipendeketsa, kuti kaziwerenga ngati nkhumba ikuyenda, yagona, kapena ikudya. Zimenezo ndiye zimafuna batire. Ku Belgium kuli kampani ya SoundTalks imene imapachika maikolofoni m'khola kuti azimvetsera chifuwa usana ndi usiku, kutsokomola kukachuluka nyale imasintha mtundu. Ku China makampani ngati Alibaba ndi JD.com anayesa makamera ozindikira nkhumba iliyonse payokha ndi kutsata mayendedwe ake.

Nditaonera zonsezi ndinazindikira kuti makina onsewa akufunafuna chinthu chimodzi: nkhumba imene lero sikuchita zimene imachita masiku onse. Imene sinabwere kudzadya. Imene yagona nthawi yoyenda. Mawu amene asowa pa phokoso la m'mawa. Munthu amene ali ndi nkhumba 5,000 ndi antchito atatu sangamve kuti Mawanga yakhala chete, choncho amagula makutu ndi maso. Amayi ali ndi nkhumba zosakwana 20 ndi mwala wawo wokhalapo. Kuwagulira makina oti aziwauza kuti nkhumba yadwala kungakhale kutaya ndalama, ndipo wina akadzabwera pamudzi ndi pulojekiti yotero ndidzamufunsa kaye ngati anakhalapo pambali pa mayi woweta nthawi ya chakudya cha m'mawa.

Sindikunena kuti maso a amayi saphonya. Akukula, ndipo usiku amagona. Nkhumba yaikazi imafuna yaimuna masiku awiri kapena atatu okha, ukaphonya udikire masiku 21, ukuidyetsa madeya ogula. Chaka chatha tinaphonya kawiri pa nkhumba imodzi chifukwa amayi anali kumaliro ku Benga ulendo woyamba, ulendo wachiwiri anali ndi malungo, ndipo mnyamata wothandiza sanadziwe kuti ukaitsindika pamsana n'kuima nji osasuntha ndiye kuti yakonzeka. Masiku 42 a madeya m'miyezi ya njala si nkhani yaing'ono. Komabe mankhwala a vuto limeneli anapezeka kuti ndi kope la sukulu ndi kalendala, osati kompyuta. Ukalemba tsiku limene yasiyitsa ana kuyamwa, umadziwa kuti pakapita masiku anayi mpaka asanu ndi awiri uyambe kuiyang'anitsitsa. Ukalemba tsiku limene yakweredwa, umawerenga miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu, masiku 114, n'kudziwa tsiku loswa. Ndolo inangothandiza kuti mnyamata, ine ndi amayi tikamati "nambala 7" tizinena nkhumba imodzi.

Kumene ndikuona kuti tikusowa zenizeni ndi kunja kwa khola, nkhumba ikachoka m'maso mwa mwini wake.

Taganizani za nkhumba yothawa. Kuno kunyanja timakhala ndi abale athu achisilamu, khomo ndi khomo, chitsime chimodzi, maliro timalira limodzi. Nkhumba ikalowa pabwalo la munthu amene chipembedzo chake chimailetsa, si nkhani ya chinangwa chofukulidwa chabe, ndi chipongwe, ndipo ali ndi chifukwa chokwiyira. Ndinakhalapo pa mlandu wotero kwa amfumu. Oweta atatu aliyense ankati si yake, poopa chindapusa, nkhumbayo ili chimangire pamtengo dzuwa lonse. Mlanduwo unasiya chidani chimene sichikanakhalapo mwini wake akanadziwika m'mawa momwemo n'kukapepesa. Taganizaninso za ziweto zopatsirana, zimene mabungwe amapereka kuti ikaswa upatse mnzako. Ndani amadziwa kuti imene wapatsa mnzakoyo ndi mwana wa nkhumba ya mtundu ija, osati kachikuda kogula pamsika? Nanga nkhumba yaimuna imene imayendayenda mudzi wonse, lero khola ili, mawa lina? Ndiyo njira yaifupi ya matenda, ndiponso pakapita zaka ziwiri imakhala ikukwera ana ake omwe popanda wozindikira, anthu n'kumadabwa kuti tiana tikubadwa tofooka.

Za akuba ndisanamizepo munthu. Wakuba amadula khutu. Koma nkhumba yodulidwa khutu imadzinenera yokha pamsika, ngati ogula azolowera kuyang'ana khutu.

Ndipo chachikulu ndi chiphaso chonyamulira ziweto. Lamulo lilipo loti chiweto chisachoke dera lina kupita lina popanda kalata ya a zaziweto, ndipo chigodola chikabuka boma limaletsa kuyendetsa nkhumba ndi kugulitsa nyama yake m'deralo. Koma kalata imati "nkhumba zinayi". Zinayi ziti? Kalata imodzi ingaperekeze nkhumba zinayi zilizonse. Pakanakhala nambala pa khutu, nambala yomweyo pa kalata, ndi makina kapena foni pa rodibuloko ya pa msewu wa M5 kapena wa M14 wopita ku Lilongwe, kalatayo ikanakhala ndi mano. Anzathu a ku Botswana anayamba zimenezi pa ng'ombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pofuna kuti apitirize kugulitsa nyama ku Ulaya. Poyamba ankazimwetsa kachipangizo kokhazikika m'chifu, kenako anasinthira ku ndolo. Njira ya m'chifuyo pa nkhumba singatheke poti mimba yake si yobzikula ngati ya ng'ombe. Yobaya pansi pa khungu nayonso ine sindingaifune kuno, kumene nkhumba imaphedwera pansi pa mtengo wa mango n'kupita pachiwaya, popeza kachipangizoko kamatha kusuntha m'thupi, ndipo wokapeza angadzakhale wakudya. Khutu ndilo malo ake.

Mungafunse kuti bwanji osangogula ndolo wamba zapulasitiki zolembedwa nambala, zimene zimapezeka m'masitolo a zaulimi ku Lilongwe, kapena kungocheka makutu monga ankachitira makolo. Kwa munthu woyamba ndinganene kuti gulani zomwezo lero, musadikire. N'zotsika mtengo ndipo sizifuna makina. Kusiyana kwake n'kwakuti nambala yolembedwa imafufutika ndi dzuwa la kuno, imakwiririka ndi matope, munthu wokopera m'kope amasandutsa 1 kukhala 7, ndipo aliyense angagule ndolo yopanda kanthu n'kulembapo nambala ya mnzake. Ya kachipangizo imawerengeka ngakhale ili ndi matope, ndipo kubera nambala yake n'kovuta. Koma nayo ili ndi zake. Nkhumba zimatafunana makutu zikasowa chochita, ndolo zina zimakodwa pa waya. Mwa 19 zimene zinatsala nditasenga imodzi ija, zitatu tazitola pansi. Makina owerengera amafuna kutchaja, ndipo kumudzi timadalira kasola kamodzi kamene kamatchajanso mafoni a mabanja anayi.

Tsopano pali chinthu chimene ndakhala ndikuchizungulira. Ndanena kuti m'khola munalibe kanthu pomwe sabata yachiwiri imatha. Sindinanene kuti tinakwirira zingati. Tinakwirira 9.

Usiku wa tsiku lachitatu, zitafa kale zinayi, kunabwera anthu awiri pa njinga yamoto. Amamva msanga anthu amenewa, ngati miimba. Anati agula zimene zikuyendabe, pa theka la mtengo, ndalama pompo. Panali ziwiri zimene zinkadyabe bwinobwino. M'bale wanga wamng'ono anali atatsala ndi sabata imodzi kuti abwezedwe kusukulu chifukwa cha fizi, ndipo nkhumba zimenezo ndizo zinali fizi yake. Amayi anati, "Mwanangu, zimenezi zikapha za eni ake." Ine ndinati zikuoneka zabwinobwino. Ndinkadziwa kuti chigodola chimabisala m'thupi masiku angapo chisanaonekere, alangizi anali atandiuza dzulo lake. Ndinalandira ndalamazo. Anazimanga miyendo, kuzikulunga m'matumba, n'kulowera chakumpoto nyale ya njinga atazimitsa. Chimene anandichita bambo wa kankhumba koyera uja, ine ndinachitira munthu wina patangotha masiku 13, ndipo mwina nayenso anali ndi fizi yake.

Ndikulemba izi chifukwa ndikamamva anthu ophunzira akukamba za kulondola ziweto ndi makina, amakamba ngati vuto ndi kusadziwa kwa alimi. Ine ndinkadziwa. Ndipo ndikudzifunsa moona mtima: nkhumba ziwirizo zikanakhala ndi ndolo zolembetsedwa m'dzina langa, ndikanatani usiku umenewo? Mwina ndikanaopa. Mwinanso ndikanatenga mpeni n'kudula makutu. Mlimi amene akudziwa kuti akanena za matenda khola lake liphedwa, msika utsekedwa, anzake amuda, ndipo sapatsidwa ngakhale tambala, nambala adzaiona ngati msampha. Ife sitinalandire kanthu pa zimene tinakwirira, ndipo mwa anzanga oweta sindinaonepo amene analandira. Ku Britain mu 2001, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atabuka, anayambira pa famu ya nkhumba zodyetsedwa zotsala za m'makhitchini, ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa, koma eni ake ankalipidwa. Chipukuta misozi chimenecho si chifundo chabe. Ndi mtengo umene dziko limalipira kuti mlimi aimbe foni m'mawa m'malo motsegulira mavenda usiku.

Palinso mantha ena amene ndimawamva pamudzi ndipo sindiwapeputsa. Anthu amafunsa kuti kaundulayo asunga ndani. Lero mwalemba nkhumba zanga, mawa simubwera ndi msonkho? Simundichotsa pa mndandanda wa olandira thandizo poti ndili ndi nkhumba zisanu, osadziwa kuti mawa zikhoza kufa zonse? Amene adzabweretse ndolo kuno ayenera kudzayankha mafunso amenewa pabwalo la amfumu, pamaso pa anthu, ndolo isanapanidwe pa khutu lililonse. Ine ndikanakonda ziyambire pansi, m'makalabu a oweta. Kalabu imodzi, makina owerengera amodzi, kope limodzi losungidwa ndi mlembi amene anthu anamusankha okha. Ziyambe ndi nkhumba zimene zimayenda: zazimuna zobwerekana, zopatsirana, ndi zogulitsa kuti zikawetedwe kwina. Kalabuyo izisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kuti membala amene wanena msanga za matenda apatsidwe msoti woyambiranso. Pamenepo nambala imakhala umboni wako pokalandira, osati umboni wokumangitsa. Alangizi a ziweto, amene mmodzi amayendera midzi yambirimbiri panjinga, angapeze poyambira akafuna kulondola matenda. Ophunzira a ku Bunda amene akufunafuna chofufuza abwere adzayese zimenezi kwa Khombedza kapena ku Mwansambo, makola alipo.

Kwathu tayamba ndi zimene tingathe. Khola latsopano ndi la njerwa, pansi pa simenti, lozingidwa ndi mpanda wachiwiri kuti mlendo asafike pafupi. Pakhomo pali beseni la mankhwala loponda, ndi nsapato zajombo zimene sizituluka kunja kwa mpanda. Ogula amaima kumsewu, nkhumba timawatulutsira. Nyama ya nkhumba yogula kwina silowa pakhomo pathu, ndipo makoko a kukhitchini sapita kukhola osawiritsa. Yachilendo imakhala mwezi wathunthu m'kakhola kakutali, ndipo sindigula kwa munthu amene sindinaone khola lake ndi maso anga. Ndikagulitsa yoti ikawetedwe, wogula ndimamupatsa kapepala: nambala ya ndolo, tsiku lobadwa, nambala ya make, ndi foni yanga imene imagwira. Ena amakapinda n'kukaika m'thumba osawerenga. Mayi wina wa ku Chipoka anaimba patapita miyezi isanu ndi iwiri kudzafunsa ngati yaimuna imene akufuna kubwereka kwa mnansi wake, yogulidwanso kwa ife, si mlongo wake wa msoti wawo. Ndinatsegula kope. Zinali za mimba imodzi. Anakabwereka kwina.

Amayi mpaka lero makina owerengera sawagwira. Kope ndiye analilanda, limakhala m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi chiphaso chawo cha unzika ndi khadi la kuchipatala. M'mphepete mwa nambala iliyonse analembamo dzina ndi pensulo, poti iwo nambala 7 amaitcha Chifundo, mdzukulu wa imodzi mwa misoti iwiri ija. Lachinayi lapitali ndinawerenga masiku ndili ku ofesi n'kupeza kuti Chifundo yafika tsiku la 112. Ndinati ndiwaimbire madzulo ndiwakumbutse kuti aike udzu wouma m'khola. Foni inalira ndisanaweruke.

"Mwanangu, ubwere ndi sipiriti ndi ulusi womangira michombo. Chifundo wayamba kutola udzu ndi pakamwa, akuunjika pakona. Mawere ndafinya, mkaka watuluka."

"M'kope mukuti kwatsala masiku awiri, amayi."

"Kope lakolo ndaliona. Ubwere lero."

Ndinakwera minibasi yomaliza pa Kamuzu Road. Chifundo inaswa cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, ana khumi, ife titaunika ndi tochi ya foni. Ndolo zatsala zinayi zokha m'kaphukusi kaja, ndiye ndamulembera mlamu wanga pa WhatsApp kuti akamabwera adzatengeko zina.